Mwana Akuyamwa Koma Sakukula: Nkhani ya Impso Zotaya Mchere

Amayi anzanga, palibe tsiku limene limayesa mtima wa mayi ngati tsiku la sikelo. Mumalawirira m'mamawa, mwana kumsana, khadi m'manja, ndipo mukafika mumakhala pamzere pamodzi ndi anzanu. Mwana akaikidwa pa sikelo, maso anu amakhala pa cholembera cha alangizi a zaumoyo. Kadontho kakakwera, mumabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Koma pamzere womwewo pamakhala mayi wina amene kadontho ka mwana wake sikanasunthe kwa miyezi itatu. Mayi ameneyu samana mwana wake bere. Amamuyamwitsa usana ndi usiku, phala amathira nsinjiro, Likuni Phala ndi chiponde analandira ndipo anamudyetsa monga momwe anamuuzira. Komabe mwana ndi wowonda, wofooka, wolira ludzu nthawi zonse, ndipo chingwe cha pakhomo pake sichisowa matewera. Kusikelo anzake amamuyang'ana cham'mbali. Kunyumba apongozi ayamba kunena kuti, "Mwanayu anamusempha." Mwina mayi ameneyu mukumudziwa. Mwina ndi inu nomwe.

Mlungu uno pa tsamba lathu lino tikambirane za matenda ena osowa kwambiri amene amachititsa mwana kuti asakule ngakhale akudya bwino. Gwero lake ndi impso, zimene zimataya mchere wa m'thupi kudzera mu mkodzo. Mayi wodziwa zizindikiro zake akhoza kupulumutsa moyo wa mwana, ndiponso kupulumutsa banja ku milandu yopanda mutu.

Tiyambe ndi zofala

Mwana wathanzi amatsika pang'ono pa sikelo m'masiku oyamba atabadwa, koma pomatha masabata awiri amakhala atabwerera pamene anabadwira. Pofika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, kulemera kwake kumawirikiza kawiri, ndipo pomatha chaka kumawirikiza katatu. Mwana wobadwa ndi makilogalamu 3 amafika pafupifupi makilogalamu 9 akamakwanitsa chaka.

Ana ambiri amene sakula motere vuto lawo ndi limene tonse tikulidziwa: chakudya chosakwanira, kutsekula m'mimba kobwerezabwereza, malungo, chifuwa chachikulu, kachirombo ka HIV, kapena matenda a mtima obadwa nawo. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira. Motero achipatala akayamba ndi kukufunsani za chakudya ndi kuyeza matenda amenewa, musakhumudwe. Ndiyo njira yoyenera. Nkhani yathu ya lero ikukhudza mwana amene zonsezi anamuyeza, chakudya akulandira, koma sikelo ikukanabe.

Ntchito ya impso

Mayi aliyense amene anakonzapo nkhuku kapena mbuzi impso amazidziwa. Munthu ali nazo ziwiri, cham'munsi mwa nthiti kumsana. Mu impso iliyonse muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo kasefa kalikonse kali ndi kachubu kake kopyapyala kuposa ulusi.

Impso za munthu wamkulu zimasefa madzi okwana malita 180 kuchokera m'magazi tsiku lililonse. Amenewa ndi madzi odzaza zigubu zisanu ndi zinayi za malita 20. M'madzi amenewa mumakhala mchere woposa kilogalamu imodzi. Komatu mkodzo umene munthu amataya pa tsiku ndi lita imodzi ndi theka basi. Nanga madzi enawo amapita kuti? Amabwerera m'magazi. Pamene madzi osefedwawo akuyenda m'timachubu tija, makoma a timachubuto amatola mchere n'kuubweza m'thupi, ndipo madzi amalondola kumene kwalowera mchere. Zotsala zopanda ntchito ndizo zimatsikira m'chikhodzodzo.

Taganizirani mmene mumapetera mphale. Mumaponya m'mwamba zonse, mphale ndi gaga yemwe, koma mphale imabwerera m'lichero ndipo gaga yekha ndiye amagwa pansi. Impso zimagwira ntchito chimodzimodzi. Tsono lichero likakhala lobowoka, mphale imatayika pamodzi ndi gaga, ndipo ngakhale mutasinja mitondo ingati, m'dengu simudzaza. Mwana wa matenda amene tikukambawa anabadwa ndi lichero lotere. Amayamwa, amamwa, amadya, koma mchere ndi madzi zimangodutsa.

Tikamanena mchere wa m'thupi, sitikunena wa m'ndiwo wokha, umene uli ndi sodiyamu. Palinso potaziyamu, amene amathandiza minofu ndi mtima kugwira ntchito, komanso maginiziyamu ndi kashiamu. Thupi likaona kuti sodiyamu akuthawa, limayesa kumugwira pomusinthanitsa ndi potaziyamu, monga banja limene limagulitsa nkhuku kuti ligule chimanga. Mapeto ake potaziyamu naye amachepa, ndipo mwana amafooka.

Mayina a matendawa

M'chaka cha 1962, dokotala wa ku America dzina lake Frederic Bartter pamodzi ndi anzake analemba za odwala awiri achikuda a m'dzikolo, mnyamata wa zaka 5 ndi mwamuna wa zaka 25. Onsewa anali okula mochedwa, ofooka, a potaziyamu wochepa m'magazi, koma kuthamanga kwa magazi awo sikunali kokwera. Kuyambira pamenepo matendawa amatchedwa matenda a Bartter. Akatswiri amayerekeza kuti amagwira munthu mmodzi pa anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Chilema chake chimakhala pamalo pamene kachubu ka mu impso kamakhota ngati mbedza, pamene pamabwezedwa gawo limodzi mwa magawo anayi a mchere wonse wosefedwa. Amene anasamalapo wodwala wotupa miyendo amawadziwa mapiritsi okodzetsa otchedwa Lasix. Mapiritsi amenewa amatseka malo omwewa. Mwana wa matenda a Bartter ali ngati munthu amene akumwa Lasix tsiku ndi tsiku chibadwire.

Matendawa ali ndi mitundu ingapo. Mtundu wina umayamba mwana asanabadwe. Mtundu wina umabisala n'kudzaonekera m'zaka zoyambirira za moyo. Palinso mtundu umene umabwera pamodzi ndi kugontha m'makutu, pakuti mkati mwa khutu namonso mumafunika kayendedwe kabwino ka mchere. Ndipo m'chaka cha 2016 akatswiri anafotokoza za mtundu wina umene umagwira makamaka ana aamuna, umavuta kwambiri pobadwa, koma umatha wokha pakapita masabata kapena miyezi yowerengeka.

M'chaka cha 1966, dokotala winanso wa ku America, Hillel Gitelman, anafotokoza matenda ofanana nawo koma opepukirapo. Matenda a Gitelman amagwira munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 40,000, ndipo kawirikawiri amaoneka mwana atasinkhuka kapena atakula kale. Wodwala amatopa msanga, minofu imamukoka, amalakalaka zamchere, ndipo maginiziyamu amachepa m'magazi. Gwero lenileni la matenda awiriwa linayamba kudziwika mu 1996, pamene gulu la Richard Lifton pa yunivesite ya Yale linapeza zolakwika za m'chibadwa zimene zimabowola lichero lija.

Pali gulu linanso limene liyenera kutchulidwa, chifukwa limasiyana ndi awa pa mfundo imodzi yaikulu. Mu 1958 madokotala awiri a ku Australia, Cheek ndi Perry, analemba za khanda limene impso zake sizinkamvera uthenga wa thupi wozilamula kusunga mchere. Makanda otere amataya sodiyamu m'masabata oyamba a moyo, koma potaziyamu wawo amakwera m'malo motsika, mpaka kuika mtima pachiswe. Zoterezi zimathanso kuchitikira khanda la miyezi yochepa limene lili ndi matenda a njira ya mkodzo kapena njirayo ili yotsekeka, ndipo zimatha vutolo likachizidwa. Taonani tsono: ana awiri akhoza kuoneka mofanana, onse owonda ndi ouma thupi, koma mankhwala opulumutsa mmodzi akhoza kupha mnzake. N'chifukwa chake matenda amenewa sachizidwa mongoganizira.

Zizindikiro zimene mayi angazione

Chizindikiro choyamba chimabwera mayi ali woyembekezera. Madzi amene mwana amakhalamo m'chiberekero, m'miyezi yakumapeto, ambiri mwa iwo ndi mkodzo wa mwanayo. Mwana akamakodza mopitirira, madziwo amachuluka. Mimba imakula mofulumira cha m'mwezi wachisanu ndi chimodzi kapena wachisanu ndi chiwiri, anthu n'kumati muli mapasa, mayi n'kumabanika popuma. Nthawi zambiri nsupa imasweka masiku asanakwane ndipo mwana amabadwa msanga. Madzi ochuluka ali ndi zifukwa zina zambiri, monga matenda a shuga, koma ngati zinakuchitikirani ndipo mwana amene anabadwayo sakukula, musaiwale kuwauza adokotala.

Chizindikiro chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo ndikupemphani kuti muchisunge mumtima. Mwana akauma thupi chifukwa chotsekula m'mimba, mkodzo wake umachepa, chifukwa impso zabwino zimaumira madzi. Koma mwana wa impso zotaya mchere amauma thupi uku akukodzabe kwambiri. Liwombo lalowa, maso alowa, milomo yauma, koma thewera lili chonyowa, chitenje cha mayi chanyowa, mphasa yanyowa. Khanda lathanzi limanyowetsa matewera asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu pa tsiku. Uyu amapitirira kutali, ndipo mkodzo wake umakhala woyera ngati madzi. Mwana wouma thupi koma wokodza kwambiri ndi wofunika dokotala, pakuti ngati si matenda amenewa, akhoza kukhala shuga kapena vuto lina la impso.

Zizindikiro zina ndi izi: ludzu losatha, kusanza kawirikawiri, kudzimbidwa, kutentha thupi kumene akayeza malungo sawapeza, kulefuka kwa manja ndi miyendo, kuchedwa kukhala pansi, kukwawa ndi kuyenda. Mwana wokulirapo amakonda madzi kuposa nsima, amadzuka usiku kufuna kumwa, amakodza pogona, ndipo mumamupeza akunyambita mchere kukhitchini kapena akulirira usipa wouma. Ana ena amakhala ndi chipumi chachikulu, maso aakulu ndi chibwano chosongoka. Ngati khanda silidzidzimuka chitseko chikamenyetseka, nenaninso zimenezo.

Nanga n'chifukwa chiyani mwana wotere sakula? Kamimba kake kamadzaza ndi madzi, chakudya n'kusowa malo. Chimene wadya amasanza. Komanso thupi silingamange mnofu ndi mafupa popanda mchere wokwanira, monga mmisiri sangamange nyumba ndi njerwa zokha popanda dothi lomangira.

Za tsempho ndi za kumtundu

Pano ndilankhule mofatsa, pakuti nkhani ya mchere ndi yolemera pa mwambo wathu. Tinakula tikulangizidwa kuti mayi amene ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, kuopa kudula anthu. Tinauzidwanso kuti bambo kapena mayi akayenda njira zosayenera mwana ali wakhanda, mwanayo amadwala tsempho. Choncho mwana akayamba kuwonda, ankhoswe amaitanidwa, mafunso amayamba, ndipo kawirikawiri chala chimaloza mayi. Mabanja ena atha chifukwa cha zimenezi, mwana ali chidwalire.

Amayi anzanga, mchere umene mwana wa matendawa akutaya sukugwirizana ndi dzanja limene linathira mchere mumphika. Mwanayu anabadwa nalo vutoli. Munthu aliyense amalandira malangizo a kapangidwe ka thupi lake awiriawiri, ena kwa bambo, ena kwa mayi. Pa mitundu yambiri ya matendawa, bambo amakhala ndi langizo limodzi lolakwika ndi lina labwino, mayinso chimodzimodzi. Onse awiri ndi athanzi ndipo sadziwa kanthu, chifukwa labwino lija limakwanira. Mwana amadwala pokhapokha akalandira lolakwika kuchokera mbali zonse ziwiri. Palibe mbali imene ingaloze inzake chala, ndipo palibe amene analakwa.

Pa banja lotere, pathupi paliponse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Izi sizitanthauza kuti mmodzi akadwala, atatu otsatira apulumuka. Pathupi paliponse ndi payekha. Mpata woti makolo onse awiri akhale ndi langizo lolakwika lofanana umakula ngati iwo ndi apachibale, monga zimakhalira pa ukwati wa pachisuweni. Ichi si chifukwa chochitira manyazi kapena chothetsera banja, koma ndi mfundo yoti adokotala aidziwe.

Sitikunyoza akuluakulu athu. Iwo akamanena za tsempho amakhala akuda nkhawa ndi mdzukulu wawo. Koma masiku amene amathera pa milandu ndi pa kumata mankhwala pa liwombo ndi masiku amene mwana akupitirira kuuma. Liwombo lolowa likufuna madzi m'thupi. Pemphani apongozi akuperekezeni kuchipatala, akamve okha zimene adokotala anene.

Mukafika kuchipatala

Safunsa anadya phula. Pitani ndi khadi la kusikelo komanso buku lanu la nthawi imene munali oyembekezera. Kwa masiku awiri kapena atatu musanapite, werengani matewera amene mwana akunyowetsa usana ndi usiku, ndipo ngati wayamba kumwa madzi, werengani makapu. Fotokozani ngati mimba inali ndi madzi ambiri, ngati mwana anabadwa masiku asanakwane, ngati m'banja mwanu munamwalirapo khanda mwa njira yofanana, ndiponso ngati inu ndi amuna anu muli pachibale. Kenaka nenani mwaulemu koma momveka kuti, "Adokotala, mwanayu akudya koma sakukwera sikelo, ndipo akukodza kwambiri. Kodi n'kotheka kuyeza mchere wa m'magazi mwake?"

Kuyeza kumeneku kumafuna labotale, choncho kuchipatala chaching'ono akhoza kukutumizani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, ndipo kuchokera kumeneko ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, kumene kuli madokotala a ana. Amayeza sodiyamu, potaziyamu ndi mitundu ina ya mchere m'magazi ndi mu mkodzo, amayeza kuthamanga kwa magazi, ndipo amaunika impso ndi makina kuti aone ngati mwaunjikana kashiamu kapena ngati njira ya mkodzo yatsekeka. Kuyeza chibadwa ndiko kumatsimikizira mtundu weniweni wa matendawa. N'kodula ndipo sikupezeka paliponse, koma dokotala akhoza kuyamba chithandizo potengera zotsatira za magazi ndi mkodzo.

Chithandizo chilipo

Lichero lobadwa nalo silisokeka, koma zimene zikutayika zikhoza kubwezedwa. Mwana amapatsidwa madzi okwanira, mchere woyezedwa bwino malinga ndi kulemera kwake, komanso potaziyamu kapena maginiziyamu ngati magazi aonetsa kuti zachepa. Khanda lodwalika limayamba ndi dilipi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, madokotala anapeza kuti mankhwala a gulu la indosidi ndi brufen amachepetsa kutaya mchere ndi madzi pa matenda a Bartter. Ana ambiri akayamba chithandizo choyenera, mkodzo umachepa, chilakolako cha chakudya chimabwera, ndipo kadontho kaja kamayamba kukwera. Ambiri amakula, amapita kusukulu, ndipo amadzakhala ndi mabanja awo. Mankhwala amamwa moyo wonse, kupatula pa mitundu ija imene imapepuka kapena kutha mwana akamakula.

Tsono tamverani chenjezo. Indosidi ndi brufen amagulitsidwa m'magolosale, koma musayerekeze kumugulira mwana nokha. Mankhwala amenewa amatha kuboola chifu ndi kuwononga impso, makamaka mwana akakhala wouma thupi, ndipo mlingo wake kwa khanda amaudziwa ndi dokotala yekha. Chimodzimodzinso mchere. Musathire mchere m'madzi kapena m'phala la khanda poganiza kuti mukumuchiza, pakuti mchere wochuluka umapha khanda. Mwana wosafika miyezi isanu ndi umodzi apitirize kuyamwa bere lokha, kupatula zimene achipatala alamula.

Ngati adokotala atsimikiza kuti potaziyamu wa mwana wanu ndi wochepa, zakudya za m'munda mwathu momwemu zimathandizira mankhwala: nthochi, mapeyala, mbatata, kachewere, nyemba, matimati, maungu ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi nkhwani. Mtedza ndi nthanga za maungu zili ndi maginiziyamu. Koma zakudya zokha sizilowa m'malo mwa mankhwala, ndipo mwana wa potaziyamu wokwera amapatsidwa malangizo osiyana ndi amenewa.

Mwana wotere musamumane madzi, ngakhale usiku, ndipo musamukalipire akakodza pogona, pakuti si ulesi. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kwa inu a kuchigwa cha Shire ndi a m'mphepete mwa nyanja, muonjezereni chakumwa. Akayamba sukulu, kawafotokozereni aphunzitsi kuti azimulola kukhala ndi botolo la madzi ndi kutuluka akafuna kukataya madzi. Akatsekula m'mimba kapena kusanza, musadikire kuti kuche. Mupatseni Thanzi ORS muli panjira yopita kuchipatala, chifukwa potaziyamu akatsika kwambiri mtima umasokonezeka kagundidwe kake. Sungani kalata ya adokotala m'buku lake la kuchipatala kuti aliyense womuona adziwe matenda ake. Ndipo mukadzakhalanso ndi pathupi, kayambeni sikelo msanga ndi kuwauza anamwino mbiri yonse.

Mawu otsiriza

Ambiri mwa inu simudzakumana ndi matenda amenewa m'nyumba mwanu, ndipo tithokoze Mulungu. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwezi wamawa mukadzakhala pamzere wa sikelo, mukadzaona mayi amene akutuluka atazolika, khadi atalipinda kuti anzake asalione, musamuseke ndipo musamuweruze. Khalani naye pansi, mumufunse mmene mwana akuyamwira, mumufunsenso za matewera. Akakuuzani kuti amachapa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa koma mwana ali chiumire, mugwireni dzanja, mubwerere naye kwa anamwino tsiku lomwelo.